Cinsinsi ca wodwala: malamulo ake ndi anthu oyenera kuwatsata

Munthu akapita ku cipatala amanena zinthu zimene sanganene pa bwalo, mwina ngakhale kwa m'bale wake weniweni. Amavula malaya, amapereka magazi, amayankha mafunso a za m'nyumba mwake. Amatero cifukwa akufuna kucira, komanso cifukwa akukhulupirira kuti zimene wanenazo zithera m'cipinda momwemo. Pa Cipwitikizi cinsinsi cimeneci amaciti sigilo kapena confidencialidade. Nkhani ino ikufotokoza malamulo a dziko lathu la Moçambique pa za cinsinsi ca wodwala, anthu amene malamulowo akuwamanga, nthawi zocepa zimene cinsinsi cingatuluke mololedwa, ndi kumene mungakadandaule wina akaulula zanu.

Mfundo yaikulu ndi imodzi basi. Nkhani ya matenda ndi ya mwini thupi. Wina aliyense amene waidziwa, kaya ndi dokotala, wosesa, bwana wa pa nchito kapena mnzake womuwerengera pepala, wangosungitsidwa. Ndipo cinthu cosungitsidwa sagawira anthu.

Kodi cinsinsi ca wodwala n'ciyani?

Ambiri tikamva za cinsinsi ca ku cipatala timangoganiza za HIV. Koma nkhaniyi ndi yotakata. Cinsinsi ndi ciliconse cimene cikunena za thupi kapena maganizo a munthu wodziwika dzina. Muli dzina la matenda amene apezeka, zotsatira za magazi, mkodzo kapena makhololo, ndi mankhwala amene munthu akumwa. Mulinso mimba imene mwini wake sanailengeze, kupita padera, njira yolerera, kusabereka, khunyu, matenda a misala, matenda opatsana pogonana ndi mabala a kumenyedwa m'banja. Ngakhale mawu ocepa oti "uje ndinamuona pa mzere wa TARV" ndi kuulula kale, pakuti womva akudziwa kuti TARV ndi mankhwala a HIV.

Zinthu zimenezi zimasungidwa m'malo ambiri: mu ficha ya wodwala, m'mabuku akuluakulu a registo, pa khadi limene mumayenda nalo, pa receita ya mankhwala, pa guia imene amakupatsani pokutumizani ku cipatala cina, mu kompyuta, m'foni, ndiponso m'mutu mwa amene anakuonani. Zolembedwa ndi zongomva n'cimodzimodzi.

Ciwerengero cokha si cinsinsi. A za umoyo akalengeza kuti mwezi uno ana akutiakuti adwala malungo m'boma lathu, palibe amene wayalutsidwa. Vuto limayamba pamene matenda alumikizidwa ndi dzina, nkhope, nyumba kapena cizindikiro cina coti anthu n'kumuloza munthuyo.

Cifukwa cake nkhaniyi ndi yaikulu kuno kwathu

Kucokera ku Meluluca, kudutsa Metangula, Chuanga ndi Messumba mpaka ku Cóbuè, midzi yathu yandandalika m'mphepete mwa nyanja ndipo anthufe timadziwana. Wolemba maina pa khomo la cipatala mwina ndi mlamu wanu. Amene akuyeza magazi mwina mumapemphera naye. Mawu amene atuluka m'mawa, pofika madzulo afika kale ku doko kumene amayi akuyanika usipa. Paja madzi akatayika saoleka.

Kafukufuku wa dziko lonse wa INSIDA wa caka ca 2021 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 15 kupita m'tsogolo, oposa 12 ali ndi HIV. Kuno ku Niassa anapeza pafupifupi 8 mwa 100. Mankhwala alipo ndipo ndi aulere m'zipatala za boma, koma amagwira nchito kwa amene akumwa tsiku ndi tsiku osadumphitsa. Munthu woopa kuonedwa amasiya kukatenga. Wina amakwera chapa ulendo woposa makilomita 100 kupita ku Lichinga kuti akalandire kumene sakumudziwa, ndalama zikatha mankhwala nawo atha. Mtsikana woopa kuti amayi ake amva sapita kukafunsa za kulera. Bambo wotsokomola amacedwa kukayezetsa cifuwa cacikulu mpaka wapatsira ana ake. Mukuonatu kuti kusunga cinsinsi si ulemu cabe. Pakamwa pa munthu mmodzi pangathe kuthamangitsa mudzi wonse ku cipatala.

Malamulowo ali kuti?

Maiko ena ali ndi lamulo limodzi lodziwika la nkhaniyi. Ku United States kuli HIPAA, lamulo la 1996, limene limamanga zipatala, makampani a inshuwaransi ya umoyo ndi owagwirira nchito, koma silifika kwa mnansi. Kwathu kuno malamulo a cinsinsi ca wodwala ali m'mabuku angapo, ndipo tikawaika pamodzi amafika patali kuposa pamenepo.

Loyamba ndi Constituição, Lamulo Lalikulu la dziko, la 2004. Ndime 41 imapatsa nzika iliyonse ufulu wa ulemu, mbiri yabwino ndi moyo wake wamseri. Ndime 71 ikunena za zosungidwa m'makompyuta. Imaletsa kutsegula mbiri ya munthu wina kapena kuisamutsira ku ofesi ina, pokhapokha lamulo kapena khoti litalola. Imapatsanso munthu ufulu woona zimene zalembedwa za iye ndi kukonzetsa zolakwika.

Laciwiri ndi Código Civil wa 1966, amene akugwirabe nchito. Ndime 80 imalamula anthu onse, osati a cipatala okha, kuti asamalowerere kapena kufalitsa za moyo wamseri wa anzawo. Wolakwiridwa angapemphe cipukuta misozi ku khoti.

Lacitatu ndi Lei 19/2014, ya pa 27 Agosto 2014, yoteteza munthu amene ali ndi HIV, wogwira nchito ndi wofunsira nchito. Inalowa m'malo mwa malamulo awiri akale, Lei 5/2002 ndi Lei 12/2009. Imanena kuti zotsatira za kuyezetsa HIV ndi cinsinsi, kuti kuyezetsa kumafuna cilolezo ca mwini wake kupatula pa zocitika zocepa zimene lamulolo lachula, ndi kuti kusala munthu cifukwa ca HIV n'koletsedwa.

Lacinayi ndi Lei do Trabalho, lamulo la nchito. Limene likugwira nchito tsopano ndi Lei 13/2023, imene inalowa m'malo mwa Lei 23/2007. Muli ndime zoteteza moyo wamseri wa wanchito ndi zotsatira za kupimidwa kwake.

Lacisanu ndi Código Penal, buku la milandu ndi zilango, Lei 24/2019. Muli mlandu wochedwa devassa da vida privada. Umagwira munthu amene, popanda cilolezo ndiponso ndi colinga coyalutsa mnzake, wamujambula, wamumvetsera mobisa, kapena wafalitsa za moyo wake wamseri kapena za matenda ake aakulu. Kuulula cinsinsi cimene munthu wacidziwa cifukwa ca nchito yake ndi mlandunso. Cilango cingakhale ndende kapena multa.

Palinso Carta dos Direitos e Deveres do Doente, cikalata ca ufulu ndi udindo wa wodwala cimene boma linavomereza mu 2007. Cimachula ufulu wa cinsinsi, ufulu wopimidwa pa malo obisika ndi ufulu wodandaula. Mukaona pepala lake pa khoma la cipatala, imani muwerenge, kapena pemphani wina akuwerengereni.

Ndani ayenera kusunga cinsinsi?

Oyamba ndi madokotala ndi anamwino. Kwa iwo lamuloli ndi lakale kwambiri: lumbiro la Hippocrates, sing'anga wa ku Greece wa zaka zoposa 2,000 zapitazo, linali nalo kale. Kwathu kuno madokotala ali pansi pa Ordem dos Médicos, imene inakhazikitsidwa mu 2006, ndipo anamwino ali pansi pa Ordem dos Enfermeiros, ya 2016. Mabungwe amenewa ali ndi mphamvu yolanga membala wophwanya mwambo wa nchito.

Koma cipatala si dokotala yekha. Técnico wa medicina, wa ku laboratório, wa ku farmácia, wolemba maina, wolowetsa mbiri mu kompyuta, servente wosesa ndi kucapa, mlonda wa pa geti, woyendetsa ambulansi, wophunzira amene wabwera pa estágio, onsewa amaona ndi kumva. Onsewa ndi omangidwa. Palibe zoti "ine ndine wosesa cabe, lamulolo ndi la akuluakulu". Ndipo n'cimodzimodzi kaya cipatalaco ndi ca boma, ca mishoni kapena ca munthu, kaya ndi farmácia ya malonda. Munthu akasiya nchito kapena akasamutsidwa, cinsinsi amapita naco cotseka.

Aciwiri ndi ogwira nchito za umoyo m'midzi. Awa ndi ma APE, ma activista oyendera odwala, aphungu oyeza magazi, azamba, amayi olangiza anzawo oyembekezera ndi mamembala a comité de saúde. Nchito yawo ndi yovutirapo cifukwa amakhala m'mudzi momwemo. Activista amene watumidwa kukafufuza munthu wosiya mankhwala sayenera kufika pa khomo n'kufuula comwe wabwerera. Amupatule kaye mwini wake, alankhule naye pa awiri. Akapeza kuti kulibe, asasiye uthenga wa matenda kwa ana kapena kwa anansi. Buku lake kapena foni yake ya nchito isakhale poti aliyense n'kutsegula.

M'gulu lomweli muli ma GAAC, timagulu ta anthu osaposa asanu ndi mmodzi amene amasinthana kukatengerana mankhwala a TARV. Njira imeneyi inayambira ku Tete mu 2008 ndipo inafalikira dziko lonse. Imapulumutsa ndalama za ulendo, koma imaima pa kukhulupirirana. Wonyamula mankhwala a anzake wanyamulanso maina awo.

Acitatu ndi olemba anthu nchito. Lei 19/2014 imakhudza nchito za boma, za makampani, ngakhale za m'nyumba. Bwana sangalamule wofunsira nchito kapena wanchito wake kuti akayezetse HIV, ndipo wanchito sakakamizidwa kunena ngati ali nako kacirombo. Kucotsa munthu nchito cifukwa ca HIV lamulo limakuwerengera ngati kucotsa popanda cifukwa comveka. Pa matenda ena, bwana angapemphe kuti munthu apimidwe ngati ali ndi mphamvu zogwirira nchitoyo, koma dokotala wopimayo amangouza bwana kuti munthuyu angathe kapena sangathe. Dzina la matenda sapereka. Tiyerekeze mwini bwato amene waona mlovi wake akumwa mapiritsi usiku uliwonse asanalowe m'madzi. Alibe ufulu womupanikiza kuti anene, ndipo akadziwa alibe ufulu wouza alovi ena.

Acinayi ndi anthu audindo amene odwala amawakhulupirira: aphunzitsi, mafumu, ma secretário a m'midzi, abusa, ansembe, mashehe ndi asing'anga. Awa sali pansi pa Ordem, koma ndime 80 ya Código Civil ndi Código Penal zimawafika. Mphunzitsi amene wauzidwa ndi kholo kuti mwana amamwa mankhwala, wauzidwa kuti azimumasula tsiku la consulta, osati kuti akasimbe mu ofesi ya aphunzitsi. Mtsogoleri wa mpingo asanachule dzina ndi matenda a munthu m'mapemphero, ayambe wafunsa mwini wake. Mfumu polemba maina a oyenera kulandira cithandizo isalembe matenda pa pepala lokhomedwa pa mtengo.

Acisanu ndi tonsefe. Masiku ano aliyense ali ndi kamera m'thumba. Kujambula wodwala ali gone pa bedi, kujambula khadi la mnzanu, kutumiza pa WhatsApp kapena pa Facebook kuti "mwamva za uje?", zonsezi zingakufikitseni ku khoti. Kunena kuti "komatu n'zoona" sikucotsa kulakwa, pakuti cinsinsi nthawi zonse cimakhala coona. Funso ndi loti, kodi mwini wake analola?

Munthu mmodzi yekha amene lamulo la cinsinsi silimumanga ndi mwini matenda. Angauze amene wafuna, nthawi imene wafuna. Ena amaima poyera kunena kuti ali ndi HIV pofuna kulimbikitsa anzawo, ndipo amathandiza ambiri. Koma kusankhako ndi kwawo.

Owerengera anzawo ndi omasulira

Pali gulu lina limene anthu saliganizira kawirikawiri. Kalembera wa 2017 anapeza kuti mwa akuluakulu 100 alionse m'dziko muno, 39 sadziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo pakati pa amayi ndi pafupifupi theka. Mapepala a ku cipatala amalembedwa m'Cipwitikizi, pamene ambiri kuno timalankhula Cinyanja kapena Ciyao. Ndiye munthu akatuluka m'cipatala amafuna wina womuwerengera: mdzukulu, mnansi, wogulitsa mu baraka, kapena mphunzitsi wa sukulu ya akuluakulu. Kusadziwa kuwerenga kumamukakamiza kuonetsa cinsinsi cake kwa munthu amene mwina sakanamusankha.

Inu amene mumawerengera anzanu, dziwani kuti mwalowa m'gulu la osungitsidwa. Patukani naye pambali, werengani motsitsa mawu. Werengani cimene wakupemphani. Ngati wafunsa tsiku lobwererako, muuzeni tsikulo, musayambe kufunsa kuti "nanga mankhwala awa ndi a ciyani, amayi?" Mukamaliza bwezani pepala, nkhani yathera pomwepo. Womasulira mawu pakati pa namwino ndi wodwala acitenso cimodzimodzi. Ndipo wodwala ali ndi ufulu wokana womasulira amene sakumasuka naye n'kupempha wina.

Kwa aphunzitsi a alfabetização: musagwiritse nchito khadi lenileni la wophunzira ngati cophunzitsira, ngakhale iye atalipereka yekha pamaso pa anzake. Jambulani khadi lanu pa bolodi, la dzina longopeka. Phunzitsani mawu amene amabwerabwera: nome ndi dzina, data ndi tsiku, próxima consulta ndi tsiku lobwererako, comprimido ndi piritsi, manhã ndi m'mawa, noite ndi usiku. Phunzitsaninso positivo ndi negativo, cifukwa mawu awiriwa amasokoneza ambiri. Positivo sikutanthauza kuti zili bwino, kumatanthauza kuti cimene amafufuzaco capezeka, kaya ndi malungo, mimba kapena HIV. Munthu amene watha kuwerenga tsiku ndi nambala ya mapiritsi pa khadi lake safunikanso kulionetsa kwa wina.

Cinanso ndi kusaina. Musasaine kapena kudinda cala pa pepala limene simunalimve. Funsani kuti akufotokozereni m'cilankhulo canu: pepalali likunena ciyani, mbiri yanga ipita kwa yani? Mabungwe ocita kafukufuku kapena ojambula zithunzi za nchito zawo ayeneranso kupempha cilolezo cotere, ndipo kukana sikukucotserani cithandizo ca ku cipatala.

Nthawi zimene cinsinsi cingatuluke

Cinsinsi cili ndi makomo ocepa otulukira, ndipo khomo lililonse lili ndi malire ake.

Khomo loyamba ndi cilolezo ca mwini wake. Mukanena kuti "auzeni acemwali angawa, ndiwo akundidwazika", namwino angawauze. Cilolezoco ndi ca munthu amene mwamuchulayo ndi nkhani imene mwalolayo basi.

Laciwiri ndi cithandizo ca wodwala yemweyo. Namwino wa ku Cóbuè kapena ku Maniamba akamatumiza wodwala ku Metangula kapena ku Hospital Provincial ya ku Lichinga, amalemba zonse pa guia kuti olandirawo adziwe poyambira. Uku si kuulula. Koma wanchito wa pa cipatala amene sakukhudzidwa ndi wodwalayo alibe cifukwa cotsegulira ficha yake, ngakhale akhale wacibale.

Lacitatu ndi miliri. Pali matenda amene a cipatala amalamulidwa kudziwitsa akuluakulu a za umoyo mwamsanga, monga kolera, cikuku ndi poliyo. Lei 3/2022 ya umoyo wa anthu onse ndiyo imapereka mphamvu zothana ndi miliri. Ife a ku Lago tikuzidziwa zimenezi. Mliri wa kolera umene unavuta zigawo zambiri za dziko unayamba kuoneka m'boma lathu lino mu Setembro 2022, ndipo mu Julho 2025 matenda a mpox anapezekanso kuno. Pa nthawi zotere a za umoyo amafunsa kumene wodwala amakhala, madzi amene amamwa ndi anthu amene anakhudzana naye, kuti ateteze ena. Mainawo amapita kwa olimbana ndi mliri okha. Pa wailesi ndi pa msonkhano wa mudzi pamayenera kumveka ciwerengero ndi malangizo, osati maina.

Lacinayi ndi khoti. Woweruza angalamule kuti mbiri ya cipatala iperekedwe pa mlandu. Munthu wamba, ngakhale akhale wa udindo, sangangofika pa cipatala n'kunena kuti "ndionetseni ficha ya uje".

Lacisanu ndi kuteteza mwana. Lei 7/2008 yoteteza ufulu wa ana imafuna kuti nkhanza kapena kugwiriridwa kwa mwana zidziwitsidwe kwa olamulira. Pamenepa kukhala cete ndiko kulakwa. Komabe nkhaniyo imapita kwa apolisi ndi a za cisamaliro ca anthu, osati kwa aliyense wofuna kumva.

Nanga a pa banja?

Apa ndi pamene pamavuta, cifukwa kwathu matenda si a munthu mmodzi. Abale ndiwo amanyamula wodwala, kuphika phala, kugona pansi m'cipatala, kugulitsa mbuzi. Ndiye amafunsa kuti, "Ife tikuvutika naye, bwanji osatiuza?" Funsoli ndi lomveka ndithu. Koma munthu wamkulu amene ali ndi nzeru zake ndiye amasankha woti auzidwe. Ukwati supatsa mwamuna ufulu wokatenga zotsatira za mkazi wake, kapena mkazi za mwamuna wake. Apongozi, amalume ndi ankhoswe nawonso ayenera kumva kwa mwini wake. Wodwazika angauzidwe za kasamalidwe, monga nthawi ya mankhwala ndi zakudya, popanda kuuzidwa zonse.

Mwini matenda nayenso ali ndi udindo. Lei 19/2014 imati munthu amene ali ndi HIV adziteteze, ateteze ena, ndipo adziwitse mkazi wake, mwamuna wake kapena amene amagona naye. Ambiri amaopa kumenyedwa kapena kuthamangitsidwa, makamaka amayi amene amayamba kuyezedwa ku sikelo. Aphungu a ku cipatala amathandiza pa zimenezi: angakuitaneni nonse awiri, kukuyezani limodzi ndi kukhalapo pamene mukuuzana. Ngati mukuopa nkhanza, nenani poyamba pomwe.

Za mwana wamng'ono amauza makolo kapena womulera, ndipo iwo asunge, pakuti mwanayo adzakula ndi mbiri imeneyo. Acinyamata ali ndi khomo lawo lochedwa SAAJ m'zipatala zina, kumene amalandiridwa mwa cinsinsi. Wodwala akakomoka, a cipatala amalankhula ndi wacibale wapafupi zimene zikufunika kuti apulumutse moyo.

Imfa sithetsa cinsinsi. Mwambo wa nchito ya udokotala pa dziko lonse umati cisungidwe ngakhale wodwala atamwalira. Ifenso pa maliro, popereka mbiri ya malemu, kunena kuti anadwala nthawi yaitali n'kokwanira. Otsala, mkazi wamasiye ndi ana, ndiwo amasenza mawu onenedwa pa manda.

Mukawoloka nyanja

Anthu a ku Cóbuè ndi midzi yoyandikana nayo amawoloka nthawi zina kupita ku cipatala ca St Peter's pa cilumba ca Likoma, cimene ndi dziko la Malawi. Lamulo logwira nchito ndi la dziko limene kuli cipatalaco. Ku Malawi, lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limateteza cinsinsi ca zotsatira za magazi, ndipo lamulo la 2024 loteteza mbiri za anthu limaika za umoyo m'gulu la zofunika kusamalidwa kwambiri. Abale athu amene ali ku South Africa akutetezedwa ndi National Health Act ya 2003, ndime 14, imene imati zonse za wodwala ndi cinsinsi pokhapokha iye atalola molemba, khoti kapena lamulo litalamula, kapena pali ngozi yaikulu kwa anthu onse. Ufulu umenewu ndi wa wodwala aliyense, mlendo yemwe.

Cinsinsi canu cikaululidwa, mupite kuti?

Yambani ndi kusunga umboni. Lembani, kapena wina wokhulupirika akulembereni, tsiku, malo, amene ananena, mawu amene ananena ndi amene anamva. Ngati ndi uthenga wa pa foni, musaufufute. Musacedwe, cifukwa mboni zimaiwala.

Ngati woulula ndi wa pa cipatala, kaonaneni ndi mkulu wa cipatalaco, kapena Gabinete do Utente kumene iliko. Mungalembenso m'buku la madandaulo kapena kuuza membala wa comité de co-gestão amene mumamukhulupirira. Zikapanda kuyenda, pitani ku ofesi ya za umoyo ya boma lathu, SDSMAS, ku Metangula, kenako ku ofesi ya za umoyo ya cigawo ku Lichinga. Dandaulo la dokotala kapena namwino lingapitenso ku Ordem yake.

Ngati ndi nkhani ya pa nchito, monga kukakamizidwa kuyezetsa kapena kucotsedwa, kuli Inspecção do Trabalho. Ngati mukufuna kusuma mlandu, kuli polisi ndi Procuradoria. Wopanda ndalama za loya athandizidwa ndi IPAJ, bungwe la boma lopereka cithandizo ca za malamulo kwa osauka. Madandaulo okhudza maofesi a boma amalandiridwanso ndi Provedor de Justiça ndi Comissão Nacional dos Direitos Humanos.

Ena amayamba kwa amfumu kapena kwa akulu a mpingo, ndipo nthawi zambiri nkhani imatha ndi kupepesa. Ingokumbukirani kuti bwalo la poyera limawonjezera makutu. Pemphani kuti nkhaniyo ikambidwe m'nyumba, pa anthu owerengeka.

Pali zina zimene mungacite zisanafike poipa. Mukalowa m'cipinda copimira muli ndi ufulu wopempha kuti citseko citsekedwe, kapena kuti amene sakukhudzidwa atuluke. Uzani namwino nambala ya foni imene angakuimbireni, ndiponso ngati mukulola kuti activista afike kwanu. Khadi lanu lisungeni ngati mmene mumasungira ndalama. Ndipo cinthu cimodzi musacite: musasiye mankhwala cifukwa coti wina walankhula. Ngati malowo simukumasukanso nawo, pemphani guia yosamukira ku cipatala cina, mankhwala apitirire pamene dandaulo lanu likuyenda.